Mmene telala wa ku Zolozolo anatayira mwendo

Pali mankhwala amene munthu akamwa amamva yekha kuti agwira ntchito: mutu unkawawa, waleka, thupi linatentha, lazizira. Koma pali ena amene ntchito yake simveka m'thupi. Umawamwa m'mawa uliwonse kwa zaka, ndipo phindu lake ndi tsoka limene silinakugwere. Mankhwala oletsa magazi kuundana, amene ambiri timangoti osungunula magazi, ali m'gulu lachiwirili. Chifukwa choti samveka, anthu amawalakwira pawiri. Ena amathirapo mankhwala ena pamwamba, ena amawasiyira panjira. Telala wina wa ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu anachita zonse ziwiri, china pambuyo pa chinzake, ndipo lero ali ndi mwendo umodzi.

Mkuluyu anali ndi zaka za m'ma 60. Ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu, pa makina akale aja opalasa ndi phazi. Fodya anayamba kusuta ali mnyamata kwawo ku Rumphi, kumene makolo ake ankalima bale, ndipo mpaka imvi zinamera akudzipichirabe chingambwe. Matenda a shuga anamupeza nawo kale ndithu, koma mankhwala ake ankamwa akakumbukira.

Vuto linayambira pa makina pomwepo. Akapalasa kwa kanthawi, katumba wa mwendo wamanja ankalimba n'kuyamba kuwawa. Akachotsa phazi pachopondera n'kupuma pang'ono, ululu unkatha. Akayambiranso, unkabwereranso pamalo omwewo. Nthawi yotsegulira sukulu, mayunifolomu ataunjikana, ankapukusa gudumu ndi dzanja kuti mwendo upume. Madzulo pokwera chitunda chopita kunyumba ankaima n'kutulutsa foni ngati akuwerenga uthenga, kuti anthu asaone kuti mwendo wakana. Ankati ndi nyamakazi ya ukalamba.

Madokotala amatcha matendawa peripheral arterial disease. Mitsempha imene imatenga magazi kuchokera ku mtima kupita kumiyendo imayanga mafuta m'kati, imauma, ndipo njira ya magazi imachepa pang'onopang'ono. Munthu akakhala pansi, magazi ochepa amene akudutsawo amakwanira. Akayamba kuyenda kapena kupalasa, minofu imafuna mpweya wochuluka umene magaziwo sangabweretse, ndiye imawawa. Anthu a ku Chibavi ndi ku Salisbury Line amadziwa mmene ngalande imathera: matope amaunjikana chaka ndi chaka madzi akudutsabe, kenako tsiku lina jumbo imodzi imakodwa pamalo opapatiza, madzi n'kusefukira m'nyumba. Mumtsempha, matope aja ndi mafuta, jumbo ija ndi magazi oundana. Mankhwala amene tikunenawa sachotsa matope. Ntchito yake n'kuletsa kuti pasakodwe kanthu.

Akatswiri anawerengera kuti mu 2015 anthu oposa 236 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo anali m'mayiko osauka ndi amene akungotukuka kumene. Zowabweretsa tili nazo pakhomo: fodya, shuga, BP, mafuta ochuluka m'magazi ndi ukalamba. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga, ndipo mwamuna mmodzi mwa anayi ankasuta. Mafuta amene atseka mwendo amakhalanso m'mitsempha ya mtima ndi ya ubongo. N'chifukwa chake ambiri odwala matendawa chimene chimawatenga si mwendo, koma mtima kapena sitiroko.

Mwana wake wamkazi ndiye anamukoka kupita naye kuchipatala. Dokotala anamuvula nsapato ndi sokosi, n'kuika zala pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kufufuza kugunda kwa magazi. Kumanzere kunamveka, kumanja kunali zii. Phazi lamanja linali lozizira kuposa linzake, khungu losalala, ubweya wa pamsongolo utathothoka. Anamuyeza BP pamkono, n'kumuyezanso pakakolo. Mwa munthu wabwinobwino nambala ziwirizi zimafanana, kapena ya pakakolo imaposa pang'ono. Ya pakakolo ikatsika kufika pa magawo 9 mwa 10 a ya pamkono kapena kucheperapo, ndiye kuti mtsempha wachepa. Anamulembera aspirin wa 75 mg kamodzi patsiku, piritsi lotsitsa mafuta m'magazi la m'gulu la statin, ndi mankhwala a shuga.

"Adada, kapiritsi aka ka aspirin sikochotsa ululu ayi," anatero dokotalayo. "Ululu uzichepa mukasiya fodya ndi kumayenda tsiku ndi tsiku. Aka n'koteteza mtima wanu, ubongo ndi mwendo womwewu kuti magazi asaundane. Musamwe mankhwala ena a ululu osatifunsa, kupatula Panado."

"Yewo, adokotala," anayankha mkuluyu. Koma mumtima mwake anangomva mawu amodzi okha, aspirin. Aspirin ankamudziwa kuyambira ali mwana ngati mankhwala a mutu. Ndiye anaganiza kuti amupatsa mankhwala a ululu, koma aang'ono kwambiri.

Apa mpamene ambiri amasocherera. M'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma platelet. Ukadzicheka, timathamangira pabalapo n'kumatana kuti magazi aleke. Vuto n'loti timachitanso chimodzimodzi pa mafuta osweka m'kati mwa mtsempha, n'kuutseka. Wasayansi wa ku Britain John Vane ndiye anaonetsa mu 1971 njira imene aspirin amagwirira ntchito m'thupi, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1982. Platelet ikakumana ndi aspirin imafooka mpaka kufa kwake, ndipo moyo wake ndi masiku 7 mpaka 10. Ndiye 75 mg patsiku imakwana. Piritsi la mutu lija ndi 300 mg, kuwirikiza kanayi, ndipo kumwa ochuluka chotero tsiku lililonse sikuwonjezera chitetezo. Kumangowonjezera chiopsezo cha zilonda za m'mimba ndi kutaya magazi.

Si aspirin yekha amene amaperekedwa. Pali clopidogrel wa 75 mg, amene pa kafukufuku wa CAPRIE wa mu 1996, pa anthu oposa 19,000, anaposa aspirin pang'ono, makamaka kwa odwala mitsempha ya miyendo. Palinso rivaroxaban wa 2.5 mg kawiri patsiku pamodzi ndi aspirin. Pa kafukufuku wa COMPASS wa mu 2017, pa anthu oposa 27,000, kuphatikiza kumeneku kunachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo kwa odwala miyendo kunadula pafupifupi theka la mavuto aakulu a mwendo, kuphatikizapo kudulidwa. Koma kutaya magazi koopsa kunakweranso, kuchoka pa anthu 2 kufika pa 3 mwa 100 alionse. Walira mvula walira matope. Mankhwala alionse oletsa kuundana amabwera ndi mtengo umenewu, ndipo woyeza ngati phindu likuposa mtengowo ndi dokotala amene akudziwa msinkhu wako, impso zako, m'mimba mwako ndi mankhwala ena onse amene ukumwa.

Telala uja anamwa aspirin wake mokhulupirika, koma fodya sanasiye ndipo ululu sunathe. Ntchito inkamudikira, ndiye anayamba kugula Indocid pa okala. Poyamba kapisozi kamodzi m'mawa, kenako awiri, nthawi zina asanaike kanthu kukamwa. Mwana wake wamwamuna wa ku Joni atamva kuti bambo akuvutika ndi mwendo, anatumiza pa basi katoni ya ufa wa Grand-Pa, posadziwa kuti paketi iliyonse ili ndi aspirin woposa 450 mg. Loweruka mkuluyu ankathirapo kachasu pang'ono kuti agone. Indocid, Brufen ndi diclofenac onse amachotsa chitetezo cha khungu la m'mimba, mowa umalipsereza, ndipo aspirin amaletsa bala likatseguka kuti litsekeke msanga. Kupatula aspirin wa 75 mg uja, palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinalembedwa m'buku lake la kuchipatala.

Thupi linamuchenjeza. Potsuka mkamwa, nkhama zinkatuluka magazi. Tsiku lina singano inamubaya pachala, kabala kosaoneka n'komwe, koma magazi anapitirira kudontha mpaka anadetsa kolala ya malaya oyera a kasitomala. Anamanga chalacho ndi kansalu n'kupitiriza kusoka. Kenako chimbudzi chinayamba kutuluka chakuda bii, chonata, chonunkha mwachilendo. Zimenezo sanauze aliyense, chifukwa bambo wamkulu sakamba za kuchimbudzi ndi ana ake. Zikhatho zinayera, akaimirira ankamva chizungulire, mtima unkathamanga. Tsiku lina m'mawa akuimirira kuti ayeze kasitomala, anagwa chagada pakhondepo.

Anagonekedwa ndipo anaikidwa magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lili ndi nthambi ku Mzuzu, koma magazi amene limagawa amachokera kwa anthu opereka mwaufulu, ambiri mwa iwo ana asukulu, ndipo omwewo amadikiridwa ndi amayi obereka, ana a malungo ndi ovulala pa ngozi. Magazi amene anathera pa Indocid wa pa okala anali ofunika kwa enanso.

Chinthu chanzeru tsiku limenelo anachita ndi mwana wamkazi uja. Anatsegula kabati ya pa makina, n'kukokolola zonse zimene anapezamo, kuziika m'kathumba n'kukapereka kwa namwino. Munali makapisozi, mapaketi a ufa aja, ndi timapiritsi tina tokulungidwa m'pepala.

"Adada, nanga awa munawatenga kuti?"

"Anandipatsa anzanga a pa bawo, mwanawe. Akuti ndi amphamvu kuposa anga. Ndinali ndisanayambe."

Anali warfarin. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za alimi a ku Canada ndi kumpoto kwa United States zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wa sweet clover wochita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake pa yunivesite ya Wisconsin anapeza chimene chinali mu udzuwo, ndipo kuchokera pamenepo anapanga warfarin, amene anatuluka mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe. Mu 1954 analoledwa kuperekedwa kwa anthu pa mlingo woyezedwa bwino, ndipo mu 1955 Pulezidenti Dwight Eisenhower anapatsidwa atadwala mtima. Mpaka lero amapulumutsa anthu a mavavu a mtima ochita kuikirira, a mtima wogunda mosokonekera, ndi amene mwendo watupa chifukwa magazi aundana m'mitsempha yobwerera ku mtima. Koma amenewo ndi matenda ena. Pa matenda a telalayu, kafukufuku wa WAVE wa mu 2007 anapeza kuti kuwonjezera warfarin pa aspirin sikunathandize, koma kutaya magazi koika moyo pachiswe kunachuluka kuposa katatu.

Womwa warfarin amafunika kuyezedwa magazi kawirikawiri, muyezo wa INR, umene kwa ambiri uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Mankhwala amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku amausokoneza. Bactrim, amene ambiri omwa ma ARV amalandira, Flagyl ndi fluconazole amakweza mphamvu yake mpaka munthu kutaya magazi. Rifampicin wa TB amaichepetsa mpaka magazi kuundana. Ndiwo zamasamba monga chisoso, bonongwe, nkhwani, mpiru ndi repu zili ndi vitamini K amene amalimbana naye. Sikuti munthu azisiye, koma azidya mofanana sabata ndi sabata. Mlingo wa mnzako wa pa bawo unayezedwa pa thupi lake. Mkuluyu akanaumwa pamwamba pa zonse zija, sakanafika n'kuchipatala komwe.

Potuluka, dokotala anamuuza kuti aimitse kaye aspirin kuti zilonda zipole, anamupatsa omeprazole woteteza m'mimba, ndipo analemba m'buku tsiku loti abwerere kuti akaone ngati ayambirenso aspirin kapena amusinthire. Mawu akuti "kaye" anatsalira m'wodi momwemo. Kunyumba nkhani inali yoti mankhwala a kuchipatala ndi amene anamaliza magazi.

"Inu abambo, mapiritsi aja musawakhudzenso," anatero mkazi wake. "Akanakuphani ndikuona."

Anawataya m'chimbudzi onse, a mafuta ndi a shuga omwe. Tsiku lobwerera linadutsa. Mayiyo sanachite izi ndi mtima woipa. Anaona mwamuna wake atayera ngati wakufa, ndipo anaopa. Koma chimene chinafunika kutayidwa chinali Indocid, ufa uja, kachasu ndi chingambwe. Chingambwe ndicho chinatsala.

Mwezi wa June utafika ndi kuzizira kwa ku Mzuzu, ululu unasintha. Sunkadikiranso kuti ayende. Unkabwera usiku atagona, m'zala ndi kuphazi, wotentha, ndipo unkachepa akalendeweretsa mwendo pansi pa bedi. Anayamba kugona chokhala pampando. Chimenecho ndi chizindikiro choti magazi sakukwananso ngakhale mwendo ukupuma, ndipo munthu wotero afunika kuonedwa masiku omwewo. Phazi likazizira ankaliyandikitsa pa mbaula. Shuga anali atapha kale kumva kwa khungu, moti chala chachikulu chinapsa iye osadziwa. Bala silinapole, pakuti bala limapola ndi magazi. Achibale anabwera ndi munthu wotema mphini, anatema pakakolo ndi pamsongolo n'kupaka mankhwala akuda, ndipo mphini iliyonse inasanduka chilonda. Chala chija chinada n'kuuma.

Lachisanu lina usiku ululu unabwera mwadzidzidzi, woposa wonse wakale. Mwendo kuyambira pabondo unazizira, unatuwa, unachita dzanzi, ndipo zala zinakana kugwedezeka. Banja linagwirizana zodikira Lolemba, poganiza kuti kumapeto kwa sabata sangathandizidwe. Mtsempha ukatsekekeratu, minofu imayamba kufa pakangotha maola pafupifupi 6. Pofika Lolemba panalibe choti n'kupulumutsa, ndipo kuti poizoni wa mnofu wakufa asalowe m'thupi lonse, mwendo unadulidwa pamwamba pa bondo. Mkuluyu ali moyo, anasiya fodya, ndipo mankhwala amamwa osadumphitsa. Makina aja anawasiyira mphwake.

Chopweteka n'choti mtunda sunali vuto. Mzuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 2000, imalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Wochokera ku Chitipa kapena pachilumba cha Likoma angadandaule za ulendo. Wa ku Zolozolo, Chiputula, Katoto kapena Mchengautuwa ali ndi chipatala chachikulu, cha Mapale ndi cha St John's mumzinda momwemo, ndipo matenda adzidzidzi amalandiridwa usiku ndi Lamlungu lomwe.

Inu amene mukumwa mankhwala oterewa, musawayeze ndi ululu wa mwendo. Ululu uli ndi mankhwala ake ena, ndipo aakulu ndi kusiya fodya ndi kuyenda. Yendani mpaka katumba atawawa ndithu, pumani, yambiraninso, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, katatu pasabata kapena kuposa. Pakatha miyezi itatu ambiri amaona kuti mtunda wawonjezeka, chifukwa minofu imazolowera ndipo timitsempha tam'mbali timathandizira. Izi ndi za amene alibe zilonda kapena ululu wa usiku. Amene ali nazo ayambe aonana ndi dokotala. Mukaiwala kumwa piritsi, musamwe awiri mawa lake. Musabwereke a mnzanu ndipo musabwereketse anu. Ngati simunalemberedwe, musayambe nokha kumwa aspirin tsiku lililonse poti mwamva kuti amateteza mtima; kwa munthu wopanda matendawa kuopsa kwake kumatha kufanana ndi phindu lake. Aspirin si wa ana osakwana zaka 16, ndipo warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati anene msanga.

Buku lanu la kuchipatala liziyenda nanu, ndipo nenani za mankhwalawa paliponse pamene mwapita: kozula dzino, kufiyeta, kolandira ma ARV, ku TB, ngakhale kufamase. Ma ARV ena okhala ndi ritonavir amakweza mphamvu ya rivaroxaban ndipo amafooketsa clopidogrel. Nenaninso za zitsamba ndi zogula pa okala. Dokotala sangakutetezeni ku chimene mwamubisira. Mukagwa pa kabaza n'kumenyetsa mutu, pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, chifukwa magazi amatha kudontha m'kati mwa mutu mwakachetechete.

Pali zizindikiro za mbali ziwiri zimene sizidikira kuti kuche. Mbali ya kutaya magazi: chimbudzi chakuda, masanzi a magazi kapena akuda, mikodzo yofiira, kamfuno wosaleka, mikwingwirima yobwera yokha, mutu wowawa mwadzidzidzi. Mbali ya kuundana: mwendo wozizira, wotuwa, wadzanzi, chifuwa chothina, pakamwa popindika, mkono wolefuka. Mukaona za mbali yoyamba, musamwe piritsi lotsatira mpaka dokotala atakuonani tsiku lomwelo, ndipo musachoke musanafunse kuti mudzayambiranso liti. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati pakhomo panu pali mkulu wosuta kapena wa shuga amene amaimaima panjira, musangomuseka kuti wakalamba. Muvuleni nsapato lero, muone zala ndi pakati pake, mugwire mapazi onse awiri kuti mumve ngati lina likuzizira, ndipo mupite naye kukayezetsa sabata ino.